Thobwa la pa Tsiku Losala Kudya

Kalekale, nthawi imene anthu ankapita ku misonkhano yachitsitsimutso wapansi, mphasa ili pamutu, mpingo wina unakamanga misasa yaudzu m'munsi mwa phiri. Munali m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Woyang'anira gululo anali mkulu wa mpingo, a Kamphinda, munthu wokalamba amene akanena mawu sankabweza. Iwo anaika malamulo: pa tsiku losala kudya pasapezeke wolawa kanthu, ulaliki uli mkati pasapezeke wonyamuka, ndipo msonkhano usanathe pasapezeke wotuluka pamsasa.

M'gululo munali Nasibeko, mayi amene anachoka pabanja mwamuna atamumenya mpaka kumugulula dzino. Tsiku losala litafika, mlaliki wochokera kutali anayamba kudzudzula akazi othawa mabanja. Anthu anayamba kumuyang'ana Nasibeko cham'mbali, ena kumakodolana. Iye anapirira, koma mtima unali kutentha. Mlaliki atanena kuti mkazi wotere ndi chitsime chouma, Nasibeko anadzuka, namanga bwino chitenje chake, n'kudutsa pakati pa anthu osawerama n'komwe. Mayi wina anamukoka kuti akhale pansi.

"Ndisiyeni, mayi," anatero Nasibeko. "Ndinabwera kudzamva za Mulungu, osati kudzatukwanidwa."

Atafika kuseri kwa misasa anapeza a Kamphinda ali thapsa padzuwa, thukuta lili kamukamu, maso atatembenuka. Mkuluyo anali atapitako kukazonda ngati pali wophika mobisa, koma anali ndi matenda a shuga, ndipo njala inawagwetsa. Nasibeko anakuwa, koma kumsonkhano kwaya inali itayamba kuimba, ndipo ng'oma zinameza mawu ake. Iye anawakokera pamthunzi, nawamasula mabatani a malaya, napitiriza kukuwa mpaka mawu kusasa.

Amene anamva ndi Nachanza, mayi wa mapasa amene analoledwa kutsala mumsasa kuti aziyamwitsa. Kudya kokha sanaloledwe. Komabe iye anali atabisa chipanda cha thobwa lothira shuga kuseri kwa mitolo ya zovala, poti ankati ana ake sanalonjeze aliyense kuti asala. Anadziwa kuti akachitulutsa wadziulula yekha, koma anachitulutsa. Nasibeko anadzutsa mutu wa mkuluyo, Nachanza n'kumawamwetsa pang'onopang'ono. A Kamphinda anameza, natsegula maso, koma miyendo inakana kuima ndipo lilime linali lolemera.

Nthawi yomweyo anatulukira Gidiyoni, mlimi wa matimati, akukankha njinga kuti akaibise, miyendo ili matope okhaokha. Njingayo ankaibisa kukhwawa, ndipo masana aliwonse ankazemba kukathirira dimba lake kuti lisapse ndi dzuwa. Akanatha kubwerera osaonedwa. M'malo mwake anakhazika a Kamphinda pakaliyala, amayi aja n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje, ndipo anapalasa mtunda wonse mpaka kuchipatala.

Dokotala ananena kuti akanachedwa kuwaona akanafera padzuwa pomwepo, kuti popanda thobwa sakanafika ali moyo, ndiponso kuti thobwa lokha popanda mankhwala silikanawasunga mpaka madzulo.

A Kamphinda anabwerera pa tsiku lotsiriza la msonkhano akuyenda ndi ndodo, ndipo anapeza akulu a mpingo atakhala pa mlandu wa atatu aja. Akuluwo ankati malamulo athyoledwa anthu akuona, ndipo akawamasula onse, chaka chamawa aliyense adzabwera ndi chipanda chake ndi njinga yake. A Kamphinda anavomereza kuti lamulo lisafe, koma anapempha kuti moyo wawo uwerengedweko. Atakambirana kwa nthawi yaitali anagwirizana kuti mmodzi yekha akhululukidwe, amene ntchito yake inaposa za anzake, ndipo awiri otsalawo aimitsidwe kudya Mgonero mpaka msonkhano wa chaka chamawa. Kwa anthu a mpingowo chinali chilango chowawa, poti woimitsidwa ankakhala kumbuyo, mudzi wonse n'kumamuloza chala.

Akuluwo anaitana atatuwo kuti aliyense anene mawu ake, akuyembekeza kuti apepesa.

Gidiyoni anati sanabe kanthu, anangopita kukathirira chakudya cha ana ake, ndipo msana wake ndi umene unanyamula mkuluyo. Nachanza anati iye sangaumitse bere chifukwa cha lamulo loikidwa ndi anthu osayamwitsa, ndipo anafunsa kuti kodi njinga ikanapita naye kuti munthu wakufa kale.

Nasibeko anauzidwa kuti agwade, koma anakhalabe chiimire. Anaona mlaliki uja atakhala pakati pa akuluwo, ndipo anamuyang'ana m'maso.

"Ine sindipepesa, abambo. Ndikanakhala pansi n'kumamvera chipongwe chija, lero mukanakhala mukuimba nyimbo za maliro. Ndipo ngati mlandu ndi wa kudya pa tsiku losala, tafunsani kuti thobwalo linalowa pakamwa pa yani."

A Kamphinda anazolika, ndipo akulu enawo anasowa poyang'ana. Wina anati Nasibeko ndiye woyenera, poti wosaonedwa sathandizidwa. Wina anati Nachanza, poti anadziulula yekha. Winanso anati Gidiyoni, poti anakhetsa thukuta. Wamng'ono mwa akuluwo ananena motsitsa mawu kuti mwina oimitsidwa ayenera kukhala anayi. Dzuwa linapendeka, anthu anayamba kugwetsa misasa ndi kumanga akatundu, mlandu usanagamulidwe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, khalani pampando wa akulu aja mutiuze: mwa atatuwa, amene anapulumutsa munthu chifukwa cha kusamvera kwawo, woyenera kukhululukidwa ndani? Nanga a Kamphinda, amene anameza thobwa lija, akakhale mbali iti pa tsiku la Mgonero?