Ndaziona ndi Njere za M'tsaya

Kale, mapiri asanamete, pa kasupe wa mudzi wa Mphanje panali kachitsamba kotchedwa kanyowe. Maluwa ake anali oyera ngati ndevu za nkhalamba, masamba ake onunkhira ukawafikisa m'manja. Mwana akagwidwa chifuwa chokoka mtima ankamufukiza masambawo, n'kuchira. Kanatsala kamodzi kokha dziko lonselo. Anthu ankayesa kukachulukitsa, koma njere zake ankaziyanika padzuwa monga amachitira ndi chimanga, ndipo sizinkamera.

Lamulo linali limodzi: thyola tsamba, duwa usakhudze. Koma Gomani, mnyamata wokonda kutamidwa, anathyola nthambi yamaluwa kuti akaonetse chibwenzi chake kutsidya. Fungo linakwera ndi mphepo mpaka kuphanga la Dzimwe, chilombo cha mitu itatu. Dzimwe anatsika masanasana, n'kuzula kachitsamba konse, n'kukazika m'tsitsi la mutu wake wapakati kuti azinunkhira.

Mwezi womwewo chifuwa chinagwira Lekeleni, kamlongo kake ka Gomani. Amuna anasonkhana, ananola mikondo, anakambirana mpaka mikondo inachita dzimbiri. Gomani mwini wake anadwala mwendo mwadzidzidzi. Amene ananyamuka anali Ndaziona, mtsikana wa pakati pa awiriwo, amene ankakumbukiridwa pokhapokha mtsuko ukauma. Mantha anali nawo, koma kulira kwa mpweya wa mng'ono wake kunkamuopsa kuposa Dzimwe.

M'nkhalango anapeza njuchi zili mbwee pansi, zofooka ndi ludzu. Anazithirira madzi a m'chipanda chake pa tsamba. Make wa njuchi anati nazonso zinkalira kanyowe yemweyo, ndipo anamupatsa kaphula koti akatafuna asanduke njuchi.

“Koma imva, mwanawe,” anatero. “Njere ya kanyowe ikangouma yafa. Isaone dzuwa, isaone mphepo.”

Ndaziona anapeza Dzimwe akuwothera dzuwa pathanthwe. Mutu wakumanja unkayasamula, wakumanzere unkatokosa m'mano, wapakati unkadzigomera ndi kachitsamba kaja. Mtima wa Ndaziona unawawa, poti kanali katafota, katangotsala ndi masamba owerengeka ndi tizipatso titatu.

Mitu inaseka itamva chimene wadzera. Inati ayankhe ndagi: akakhoza atenga kachitsamba, akalephera akhala ndiwo.

“Nkhalamba yaimvi yabala mwana wakuda bii,” unatero wapakati.

“Ndi kanyowe,” anayankha Ndaziona. “Duwa loyera, chipatso chakuda.”

Koma chilombo n'chilombo, pangano sichilidziwa. Chinatambasula dzanja, Ndaziona n'kutafuna phula lija. Anauluka, analowa m'khutu la mutu wapakati, analuma. Mutuwo unakuwa kuti anzake authandize. Wakumanja unaluma khutu, wakumanzere unaluma khosi, wapakati unabwezera, ndipo inang'ambana osakumbukira kuti mimba ndi imodzi. Dzimwe anagwa, phiri linagwedezeka, osadzukanso.

Ndaziona atabwerera m'thupi lake anagwira kachitsamba, koma mizu inathetheka ngati udzu wa m'chilimwe. Analira. Kenaka anamanga masamba aja pansonga ya chitenje, tizipatso n'kutiika m'tsaya, chifukwa chipanda chinali chitauma gwa.

Ulendo wobwerera unamuvuta kuposa wopita. Sanadye, sanamwe, kuopa kumeza. Pofika kumudzi amayi a pamtondo anamulonjera, iye duu. Amalume ake anamufunsa za ulendo, iye anangowomba m'manja n'kudutsa. Kwathu kuno mwana wosayankha moni ndi wamwano, ndipo mawu anamutsata: ena ankati wapenga, ena ankati Dzimwe wamudya lilime, Gomani n'kumati ankadziwa kale kuti abwera chimanjamanja. Zinamupweteka kwambiri, misozi n'kumatsika, koma pakamwa sanatsegule.

Anaponyera mayi ake masamba aja pakhomo, n'kulunjika ku kasupe, khamu lili pambuyo. Anagwada, anakumba matope ndi zala, analavuliramo njere zitatu, n'kukwirira. Atatero anatembenuka, mawu ali osasa.

“Ndabwerako bwino, amalume. Kaya inu mwatsala bwanji?”

Amalumewo anavula chipewa, nthungululu zinamveka, anthu anamunyamula pamapewa. Koma iye anapempha kuti amutsitse, n'kuthamangira kunyumba. Lekeleni anali pansi pa bulangete, nthunzi ikufuka. Anatsokomola, anatsokomolanso, kenaka anakoka mpweya wautali wopanda mluzu.

Masamba anathera pomwepo. Mwa njere zitatu zija inamera imodzi, ndipo Ndaziona anaimangira mpanda waminga, n'kumailondera, akumvetsera ana a m'mudzi akamatsokomola.