Makutu a Mfumu Njovu

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati inu ndi ine, m'dambo la Chisenjere munali chitsime chimodzi chimene nyama zonse zinkamwapo. Kumtsinje zinkaopako, poti kunali Ng'ona.

Tsiku lina mbawala ziwiri zinamwa madzi a pachitsimepo, zinagwa, zinafa. M'mawa mwake anafa mwana wa Mbidzi. Wina wake ankathira poizoni m'madzimo.

Mfumu Njovu anaitanitsa msonkhano. "Wachiwembuyu ali pakati pathu pompano," anatero. "Kuyambira lero aliyense aziyenda ndi nkhupakupa kukhutu. Izimva zonse zimene mukuyankhula, izidzandiuza."

"Zoona, mfumu!" anakuwa Njati. "Wosalakwa aopa chiyani? Ana athu akutha!"

Koma panali Mayi Njiri, amene funso silinkawakhala m'kamwa. Anaimirira.

"Pepani mfumu, ndifunseko. Tikamakangana ndi amuna anga kuuna kwathu, nazonso izimva?"

"Izimva."

"Nanga izidya chiyani?"

"Timagazi pang'ono chabe."

"Nanga ikamva molakwika, adzaiwongola ndani?"

Njovu anangokupiza makutu, msonkhano n'kutha.

Tsiku loyamba Gwape anauza mwana wake kuti, "Usayandikire chitsime." Nkhupakupa inamva mawu oti chitsime, inathamanga. Gwape anamangidwa pamlambe.

Tsiku lachiwiri Nyani anadandaula kuti, "Poizoni ameneyu atimaliza." Nkhupakupa inamva mawu oti poizoni, inathamanga. Nyani anamangidwa pamlambe.

Tsiku lachitatu amuna awo a Mayi Njiri anausa moyo: "Ludzuli lindipha ine." Nkhupakupa inamva za kupha, inathamanga. Nawonso pamlambe!

Basi, nyama zinatseka pakamwa. Moni weniweniyu zinkangopatsana ndi mutu. Koma imfa sinaleke. Womwa pachitsime ankafa, wopita kumtsinje osabwerako.

Mayi Njiri mutu unaima. Atatu ali pachingwe, nanga akuthirabe poizoni ndani? Anapita kuchitsime kukaunguza, ndipo anapeza Fulu atayang'anitsitsa pansi, akuyasama n'kutsekanso pakamwa.

"Agogo, mwaonapo chiyani?"

Fulu duu.

"Agogo, mwadwala?"

Fulu duu.

"Agogo, mukuopa?"

Fulu anatambasula khosi pang'onopang'ono. Nkhupakupa yake inali pomwepo, itafufuma ndi magazi.

Mayi Njiri anadzigwetsa m'thope, gubudu gubudu, mpaka makutu anadzaza. Kenaka anatapa thope ndi mphuno n'kumata khosi la Fulu. Nkhupakupa zonse ziwiri zinagontha.

"Tsopano nenani."

"Mwana wanga," ananong'ona Fulu, "ukuona mzerewu? Ndi mchira wokwakwaza pansi. Umachokera kumtsinje dzuwa likafika paliwombo, nonse mutathawira kumithunzi. Ndinauona tsiku lomwe anamanga Gwape."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Ndikananena bwanji osatchula chitsime? Pamlambe paja ine sindingapirirepo."

"Kodi Ng'ona alibe nkhupakupa?"

"Ilume pati pachikopa chija?"

Mayi Njiri anathamangira kwa mfumu, thope lili chuchuchu. Njati anawatsekera njira. "Mwaphimba makutu a mfumu! Mukubisa chiyani?"

"Ndikubisa nkhani imene makutuwo alephera kumva. Mfumu, ngati ndikunama mukandimange pambali pa amuna anga. Koma tiyeni mukaone kaye."

Masana amenewo Njovu, Njati ndi Mayi Njiri anabisala m'bango. Anadikira, anadikira. Kenaka kwakwa, kwakwa, uyo Ng'ona, atanyamula mizu yapoizoni kukamwa. Asanailavulire m'madzi, Njovu anamuponda mchira.

"Mayo! Ndisiyeni!" analira Ng'ona. "Ndimangofuna muzibwera kumtsinje. Njala, mfumu, njala!"

Njovu anamunyamula ndi chitamba n'kumuponya kutali, kuseri kwa phiri. Omangidwa aja anamasulidwa, miyendo itatupa. Njati anayang'ana pansi. "Inetu ndimangofuna ana akhale moyo," anatero.

"Tonsefe timafuna zomwezo, achimwene," anayankha Mayi Njiri.

Pamenepo Njovu anaitana nkhupakupa zonse. "Ntchito yatha. Tsikani."

Nkhupakupa zinaseka. "Titsike tipite kuti, mfumu? Magaziwa tawazolowera."

Anazilamula kachiwiri, zinakana. Kachitatu, zinangolowerera mkati mwa ubweya. Mpaka lero zikadali pomwepo.

Ndiye mumve, inu nonse: mudzi umene anthu aopa kuyankhula, ngakhale amene waona mdani amakhala chete. Ndipo mlonda amene mwamulowetsa m'nyumba chifukwa cha mantha savomera msanga kutulukamo.

Yanga nthano yathera pompa. Thamangani mukaphule mbatata ija isanapserere.