Sitima Yofiira ya Fanuwelo ku Ngabu

Nkhani iyi ndikainena pa msika, ena amandiseka, ena amandigulira thobwa. Inu ana musankhe nokha. Koma ndikuti ku Ngabu, kuja dzuwa limawotcha mpaka nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, kunafika sitima yoswa madzi oundana. Mwapukusa mutu? Pukusani, khosi ndi lanu. Ine ndayamba.

Fanuwelo anali mkamwini pa mudzi wina kuseri kwa msika. Atangokwatira Edesi, anapita ku Kepi, mzinda wakutali wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kukafuna ntchito, nakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri akupenta sitima za pamadzi padoko. Anzake pobwerera ankatsika basi ndi njinga, mawailesi ndi masuti. Iye anatsika ndi kachikwama, mabulashi atatu, ndi nkhani imodzi yosachoka pakamwa.

"Kumwera kwenikweni," ankatero, maso ali kutali, "kumene dziko limathera, nyanja imazizira mpaka kuuma gwa ngati thanthwe. Yoyera mbee, munthu n'kuyendapo. Sitima yofiira imene ndinkapenta inanditengako ulendo umodzi. Iyo imatsogola, n'kumaswa nyanjayo, zinzake n'kumatsatira m'mbuyo. Kumeneko mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi, ndipo kuli zii, mpaka umamva mtima wako ukuyenda."

Tsono Edesi anali ndi mchimwene wake, a Dayimoni, mwinimbumba wa pamudzipo. A Dayimoni anagwirapo ulonda ku Limbe miyezi itatu, ndipo kuchokera pamenepo panalibe chimene sankachidziwa. Kufunsa ankakuona ngati kuvula pagulu. Tsiku lina anasochera popita ku maliro, koma pobwera anati msewu ndiwo unasuntha.

"Alamu," anatero a Dayimoni tsiku lina, "ayezi ndimamudziwa ine. Ku Limbe ndinkachita kumuyamwa. Ndi kakang'ono ngati chala chachikulu cha kuphazi, kokhala m'firiji. Ndiye inu mukuti nyanja yonse? Firiji yake ndi ya ndani?"

Anthu anaseka.

"Mlongo wangayu wadikira zaka zisanu ndi ziwiri, inu n'kumubweretsera bodza ndi mabulashi. Mkamwini wabodza pano ayi. Mutionetse sitima yanuyo mvula isanagwe. Apo ayi, ankhoswe akhala pansi, mutenge mabulashi anu muzipita kwanu."

Fanuwelo anayang'ana mkazi wake. Edesi sananene kanthu, amangotola timiyala mu mapira amene ankapeta. Mawu a mlamu sanamupweteke kwambiri. Chinamupweteka ndi chetechete ameneyo, chifukwa anaona kuti Edesi nayenso wayamba kukayika.

M'mawa mwake anadula mtengo wa malayina wotalika ngati mkono wake, nakhala nawo pansi pa msawu. Sitima yeniyeni anali ataiyenda kambirimbiri ndi ndowa ya penti m'manja, moti mapazi ake ankaikumbukira. Anawerengera kuti mapazi khumi a pa sitima ija akhale chala chimodzi pa thabwa. Sompho inayamba kulira, kenako mpeni, kenako mchenga wa mumtsinje wokhulira kuti pasalale.

Posema, Ngabu inkamuchoka m'maso. Fumbi la thabwa likamagwa, iye ankaona chipale chofewa chikugwa pang'onopang'ono ngati thonje lothawa m'dengu. Nkhunda zikamalira mu msawu, ankamva mbalame zoyera zija zimene zinkatsatira sitima osakupiza mapiko. Thukuta lili kamukamu, koma zala zake zinkachita ngati zazizidwa.

Sabata yachiwiri Edesi anaima ndi ndowa pamutu.

"Abambo, bwanji kutsogoloku mwakusema ngati chipande? Bwato paja limasongoka."

Fanuwelo anamwetulira. Aka kanali koyamba kuti munthu amufunse, osati kumuseka.

"Mayi, sitima imeneyi siidula ngati mpeni. Imakwera pamwamba pa madzi oumawo ngati mvuu ikamatuluka pa gombe, ndiye kulemera kwake kumaswa. Ikalephera, imabwerera m'mbuyo, n'kukweranso."

"Ngati inu ndi achimwene," anatero Edesi, namapita akubisa kumwetulira m'nsalu.

Nyumba ya woyendetsa anaipanga ndi zitini za mafuta ophikira. Mipanda ya m'mbali anailuka ndi waya wa njinga. Chumuni chinali bango. Mawindo anawaboola ndi msomali wotentha, makumi anayi, chifukwa onse anawapentapo ndipo ankadziwa limene linali long'aluka.

Pa penti ndi pamene anaonetsa kuti zaka zija sanakasewere. Anayamba ndi penti yotuwa ya pansi, naisiya masiku awiri atavundikira ndi dengu kuti fumbi lisaterepo. Anakhula, napakanso. Kenako yofiira, yopyapyala, katatu konse, bulashi ikuyenda mbali imodzi. Pamwamba yoyera. Pa timizere tating'ono anamanga ubweya wa kumchira wa mbuzi pa kamtengo ka machesi. Ndipo atamaliza, anatenga dzimbiri la msomali wakale, nalembalemba timadontho m'munsi mwa mawindo.

"Mwaiwonongeranji?" anafunsa Edesi.

"Sitima yopanda dzimbiri ndiye kuti sinayendepo."

A Dayimoni ankadutsa pamenepo tsiku lililonse, khosi lili njo, kuyang'anira m'ngodya ya diso. Mtima unkawayabwa, koma pakamwa panali potseka.

Chinatsala ndi nyanja. Madzi oundana ku Ngabu mu Okutobala, ungawasunge pati? Fanuwelo anapita kutsidya kwa mtsinje, kwa mnzake wa ming'oma ya njuchi, nakapempha zisa. Uchi anaufinyira m'botolo. Phula analisungunula, nalisefa, nalipala tizidutswa topyapyala, n'kuliyanika padzuwa masiku ambiri mpaka chikasu chija chinathawa. Analisungunulanso pamodzi ndi makandulo oyera, nalithira m'thireyi. Litauma linali mbee, losalala, lowala. Zonsezi anachitira kutsidya komweko, moti pamudzi panalibe anadziwa.

Tsiku linafika, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a ku Thyolo. Ankhoswe anakhala pa mipando, amayi pa mphasa. Dzuwa linali paliwombo. Fanuwelo anaika chitseko chakale chopentedwa buluu pa mitondo iwiri, navundukula chiguduli chonyowa chimene anafundikira.

Anthu anangoti kakasi.

Sitima yofiira inali itakweza chifuwa pamwamba pa thanthwe loyera. Kutsogolo kwake ming'alu inathamangira uku ndi uku ngati mizu. Kumbuyo kwake kunali kanjira ka buluu, zidutswa zoyera zili mbali ndi mbali, timadontho ta madzi a chiguduli tikunyezimira pamwamba pake. Ndipo pamenepo, ana inu, panawomba kamphepo kozizira kochokera pa chitsekocho. Masamba a msawu anasiya kugwedera. Mayi wina anafunda nsalu. Nkhoswe wamkulu atatsegula pakamwa, panatuluka kautsi koyera, iye n'kumakayang'ana kakukwera.

Kenako mafunso anayamba kugwa ngati masawu. Anthu amagona pati? Amaphika ndi nkhuni zanji? Nsomba zimapuma bwanji pansi pa thanthwelo? Fanuwelo ankayankha mmodzimmodzi, ndipo aliyense wofunsa ankamunyambititsa uchi wa m'botolo lija ndi kamtengo.

A Dayimoni anaona kuti bwalo likuwathawa. Anadzuka, nakankha anthu, naloza zidutswa zoyera zija.

"Mukudabwa chiyani, anthu osayenda inu? Uyu ndi ayezi wamba. Wakapempha m'firiji kwinakwake. Ife a ku Limbe timachita chonchi."

"Alamu, taimani, chimenecho..."

"Usandiphunzitse!"

Anatola chidutswa chachikulu ngati dzira la bakha, naponya m'kamwa, naluma ndi mphamvu zonse.

Mano analowa, koma kutuluka ayi. Anatafuna, chinthu chija osasungunuka. Anatafunanso, chikungokakamira ku nkhama, fungo la kandulo likutuluka m'mphuno. Kulavula kunali kuvomera kuti sakudziwa. Maso a mudzi wonse anali pa masaya awo.

"A Dayimoni, akuzizira?" anafunsa nkhoswe wamkulu.

A Dayimoni anagwedeza mutu kuvomera, misozi ili lengelenge. Anatseka maso, nameza. Kholingo linakwera, n'kutsika movutika ngati ndowa m'chitsime chouma.

"Kuzizira kwake!" anatero ndi mawu a chule. "Weniweni wa ku Limbe."

Edesi anali atatola kachidutswa kena. Anakafumbata m'dzanja, nadikira, koma dzanja silinanyowe. Anakanunkhiza.

"Abambo, kodi chimenechi n'chiyani?"

"Ndi phula, mayi. La njuchi, ndi makandulo asanu ndi limodzi."

Phwete limene linaphulika pamenepo linadzutsa agalu a midzi itatu. Nkhoswe wamkulu anagwa ndi mpando womwe. Mayi uja anafunda nsalu anakuwa kuti, "Musayandikire moto, a Dayimoni, mungayake mpaka m'mawa!"

Edesi yekha sanaseke nthawi yaitali. Anagwada pafupi ndi sitimayo, nayendetsa chala m'mbali mwake. Kutsogolo kunali timalemba toyera, ting'onoting'ono ngati nyerere. Sukulu sanapiteko, ndiye anafunsa.

"Nanga apa mwalemba chiyani?"

"Dzina lako. Pa sitima yeniyeni ija ndinalilembanso, kunsi kwa penti yofiira, pamene kapitawo sakanaona. Unakafika iwe kumene dziko limathera."

Edesi anasisita timalembato ndi chala. Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nayang'ana ankhoswe.

"Pano wabodza tamuona tonse, ndipo si mkamwini. Amuna anga sapita kulikonse. Achimwene, imwani madzi otentha, mwina chitsika."

Mvula inagwa patapita masiku atatu, n'kupeza Fanuwelo akufolera denga la nyumba yake pamudzi pomwepo. Ndipo kuyambira pamenepo, munthu akamanamizira kudziwa chimene sakuchidziwa, anthu a kumeneko ankangoti: "Safunsa anadya phula."

Tanthauzo lake ndi ili. Uchi ndi phula zimachokera m'chisa chimodzi. Wofunsa amapatsidwa uchi, wochita manyazi kufunsa amatola phula, n'kulimeza pagulu, n'kumanamanso kuti likukoma. Kufunsa kumatsitsa munthu kamphindi kochepa, koma kusafunsa kumamukhalira m'mimba. Edesi anafunsa katatu, kanayi, napeza mwamuna wake ndi dzina lake lomwe. A Dayimoni sanafunse n'kamodzi komwe, nakhala sabata akuyenda chopindika.

Tsono poti mwandimvera bwino, ndiulule. Sitimayo ilipo, ili pa kabati kwa mdzukulu wa Edesi, chumuni chokha ndicho chinadyedwa ndi chiswe. Phulalo a Dayimoni analidyadi. Koma kamphepo kozizira kaja, ndi kautsi kotuluka m'kamwa mwa nkhoswe, ndaikamo ndine. Ku Ngabu, mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo? Ndinakuyang'anani pamene ndinkanena, ndikudikira kuti wina akweze dzanja. Panalibe. Nonse munangomeza.