Volovolo ya Agogo Melquiades

Tsiku limene Anacleto Barraza anapeza mfuti ya agogo ake, ng'ombe zinakamidwa mochedwa. Ankakonza denga lodontha la kachipinda komwe mkazi wake Refugio amaumitsiramo tchizi, ndiye kuseri kwa migolo ya madzi amchere anaona kabokosi kathabwa. M'katimo munali volovolo yakale, itagona m'chikwama chake chachikopa kuchokera nthawi imene bambo a Anacleto anaibisa kuopa asilikali olanda mfuti. Chikopacho chinamwa chinyezi zaka zonsezo n'kuchisunga bwinobwino, moti mfutiyo inatuluka itavala dzimbiri thupi lonse.

Anacleto anatuluka nayo panja akuvina, bambo wamkulu wa imvi zake, mpaka nkhuku zinabalalika. Chimwemwe chake chinali ndi chifukwa. Chaka chilichonse mu Novembala mudzi wawo, kumapiri a Chihuahua, umachita perete wokumbukira nkhondo ya kuukira boma, ndipo wotsogola pa kavalo amakhala amene wanyamula chida chenicheni cha kholo lake, chokhala ndi dzina. Zaka zonse ankatsogola ndi mnzake Higinio Loya ndi lupanga lopindika la agogo ake, pamene Anacleto ankameza fumbi kumbuyo.

"Mayi, bwerani mudzaone," anatero akupukuta chogwirira ndi chala. Pansi pa dzimbiri pankaoneka zilembo zing'onozing'ono zozokota: M. Barraza. "Higinio chaka chino aziona mchira wa kavalo wanga."

"Zilipodi," anatero Refugio atayang'anitsitsa. "Koma musaikhudze, abambo. Pitani nayo kutauni kwa a Nicanor okonza mifuti. Iwo amaviika m'mafuta masiku angapo, kenako n'kumapukuta pang'onopang'ono."

"Ndikafunse munthu kachotsedwe ka dzimbiri? Ine amene ndakhala ndikunola zikwanje ndisanamere ndevu?"

"Ndevuzo n'zimene zikukunamizani."

Anacleto anangoseka. Munthu akasangalala makutu amatseka okha. Anatenga beseni, nathiramo viniga wa maapozi yemwe mkazi wake amasungiramo tsabola, n'kuponyamo mfutiyo. M'mawa mwake dzimbiri linali litayandama, ndipo iye anayimba nyimbo ziwiri motsatizana, zonse molakwitsa. Mafuta a thirakitala anamasula kang'oma koikamo zipolopolo, kanayamba kuzungulira kakulira bwino, ndipo analiza kaphokosoko m'khutu mwa aliyense wodutsa pamsewu, ngakhale mwa bambo mfumu.

Akanalekera pomwepo bwenzi tikunena zina. Koma viniga anasiya chitsulo chotuwa, chokhala ndi timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba, ndipo Anacleto ankafuna chinthu chothobwa m'maso. Anapita nayo pa mwala wozungulira wonolera zikwanje. Moto unkathetheka, iye akupalasa ndi phazi, akuimba mluzu. Anapala mpope wotulukira zipolopolo, anapala m'mbali, anapala chogwirira, n'kumalizira ndi mankhwala opukutira zitsulo za chishalo.

Madzulo ake Higinio anaima pa mpanda atamva mbiri.

"Achimwene, akuti mwafukula mfuti? Kapena ndi khasu?"

"Dikirani Loweruka, madala. Mubwere ndi magalasi akuda, ingakupwetekeni maso."

"Kavalo wanuyo mumudyetse, kutsogolo kumafuna mphamvu," anatero Higinio akuseka, koma anachoka nkhope itagwa, ndipo zimenezo zinamukomera Anacleto kuposa chakudya chamadzulo.

Loweruka komiti ya perete inakhala pansi pa mtengo pabwalo la tchalitchi. Wapampando anali mayi Eduviges Loera, amene amaonetsetsa zida chaka chilichonse. Anacleto anafika atavala chipewa chatsopano, navundukula mfutiyo pa nsalu yofiira. Inawala zoti anthu anaombera m'manja, ndipo iye anawerama mbali zonse ngati mkwati.

Mayi Eduviges anaitembenuza uku ndi uku.

"Yakongola, a Barraza. Dzina lili pati?"

"Apo pa chogwirira, mayi."

"Pati?"

Anacleto anaitenga mwamatama, naloza ndi chala. Pamalopo panali posalala ngati supuni yatsopano. Anapendeketsa kudzuwa, anapumirapo mpweya, anapukuta ndi malaya. Zilembo zija zinali zitatsala pa mwala wonolera, zitasanduka fumbi.

"Yotereyi mdzukulu wanga ali nayo, ndinamugulira pamsika," anatero Higinio. Anthu anafa nacho chiseko.

"Ine ndinaliona dzinalo ndi maso angawa," anatero Refugio.

"Ndikukukhulupirirani, amayi," anayankha wapampando mofatsa, "koma mwambo umafuna dzina pa chitsulo, osati pakamwa."

Anacleto anakhala pansi, chiseko chonse chitamuthera. Za kutsogola anaziiwala kaye. Agogo Melquiades sankadziwa kulemba, anafera kunkhondo, ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Pa dziko lonse lapansi dzina lawo linalembedwa pamalo amodzi okha. Dzimbiri linalephera kulidya kwa zaka zoposa zana, koma mdzukulu wawo analifafaniza akuimba mluzu, ndipo izi zinamupweteka mtima kwambiri.

Pa tsiku la perete Higinio anatsogola ndi lupanga lake ladzimbiri. Anacleto anali kumbuyo kwa oimba malipenga, volovolo ikunyezimira m'chiuno mwake, ana akumufunsa kuti anaigula sitolo iti. Kutauni kwa a Nicanor kunali ulendo wa m'mawa umodzi wokha. Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.