Anamupweteka Ndani Lemani?

Kalekale, komatu si kale loti anthu ake anamwalira, ayi, onse alipo. Senderani pafupi, sindikufuna kukweza mawu, mwana angamve.

Panali mtsikana wina, timutche Esinta. Anakwatiwa ndi a Twaibu, Myao wa ku Machinga, wopalasa kabaza, ndipo ankakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kwa Achewa. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, dzina lake Lemani.

Lemani atakwana zaka zitatu, mayi ake anaona chinthu chachilendo. Akamakodza, khungu la kunsonga linkafufuma ngati chibaluni, mkodzo n'kumatuluka modontha, mwana uku akudzikanda. Esinta chakudya chinasiya kulowa.

Anapita naye kuchipatala. Mzere unali wautali, adokotala ali okha. Anamuona mwanayo mwachangu n'kunena kuti ana ambiri amakhala choncho, khungu limamasuka lokha akamakula, kudula msanga n'kungomuzunza. Anapereka mafuta opaka. “Dikirani kaye, mayi. Muzimutsuka bwinobwino. Zikapitirira, tidzaona za mdulidwe.” Esinta asanafunse kanthu, wodwala wina anali atalowa kale.

Mawu akuti mdulidwe aja atafika kunyumba, a Twaibu anasiya kupopa tayala. Iwo kudulako sankakana, ayi. Koma ankati mwana wawo adzapita ku jando akadzakula, kutchire pamodzi ndi anzake, adzatuluke ndi nyimbo ndi dzina latsopano, monga anachitira iwo ndi bambo awo. “Mwana wanga asadulidwe ngati wodwala. Dikirani, mayi a Lemani.”

Alongo ake a Esinta, a Dafuteni, eni mbumba, anamva nawonso. Anabwera khasu lili paphewa. Anati pamtundu pawo palibe anadulidwapo, ndipo mkamwini wobwera ndi kachikwama kamodzi sangawasinthire mwana wawo. A Twaibu anamva ali pakhonde, anangotsonya. “Dikira, mlongo,” anatero a Dafuteni. “Zimenezi zimatha zokha.”

Anthu atatu osagwirizana pa chilichonse, koma onse mawu amodzi. Esinta anadikira. Mafuta aja anatha, kufufuma osatha.

Tsiku lina m'mawa akumusambitsa kubafa, anakumbukira mawu a adokotala. Bwinobwino. Anaganiza kuti mwina vuto ndi iyeyo, sakutsuka mpaka mkati. Anamugwira mwana pakati pa miyendo yake, n'kulikoka khungu lija ndi mphamvu. Linapita kumbuyo. Lemani anakuwa. Poti alibweze, linakana. Anayesa ndi sopo, anayesa ndi mafuta ophikira, linangomanga pamenepo ngati mphira. Dzuwa lisanafike pamutu malo aja anali atatupa, akuyamba kuda, mkodzo osatuluka. Mwana analeka kulira, ankangobuula.

A Twaibu atamva, anatsitsa munthu amene anamukweza pakati panjira. Anakweza mkazi ndi mwana, anapalasa chitunda chonse osatsika mpaka tcheni chinaduka. Njinga anaisiya pomwepo m'mbali mwa njira, njinga yomwe ankadyera. Ananyamula mwana m'manja, akuthamanga mpaka pamsewu wa tala.

A Dafuteni anachokera kudimba matope ali m'miyendo. Magalimoto ankangodutsa, osaima. Iwo anakaima pakati penipeni pa msewu manja atatambasula, lole ya tomato ikubwera. Inaima itatsala pang'ono kuwagunda. Dalaivala anawatukwana mayi awo, iwo anagwada n'kuloza mwana.

Adokotala anali atavula kale gauni kuti azikadya. Analivalanso. Anayesetsa kubweza khungu lija, zinakanika. Ndiye anati palibenso kuchitira mwina, adule pompano, apo ayi mwana awonongeka. Anatulutsa pepala loti wina asaine. A Twaibu anayang'ana kukhoma. A Dafuteni anatuluka panja. Esinta anatenga cholembera, analemba dzina lake mmene anaphunzirira ku pulayimale.

Atamaliza ntchito, adokotala anamufunsa Esinta chimene chinachitika.

“Munati ndizimutsuka bwinobwino,” anatero Esinta.

Adokotala anayankha kuti, “Ine ndinkati mosamala, mayi. Pang'onopang'ono.”

Mawu amodzi omwewo. Wina ankati mofatsa, wina anamva kuti mpaka mkati.

Lemani anachira. Amakodza ngati mwana aliyense, amathamanga, amaba mango osapsa. Koma pakhomo paja sipanachire. A Twaibu sanamumenye mkazi, sanamukalipire n'komwe. Anangoti kutchire kuja alibenso choti akapereke, n'kulongedza kachikwama kawo kaja kubwerera ku Machinga. Mwezi ukatha amatumiza sopo ndi kabudula, koma mawu ayi. A Dafuteni sapondanso pakhomopo, akuti mlongo wawo anagulitsa mwana kwa Ayao ndi dzanja lake. Adokotala akakumana ndi Esinta pamsika amamupatsa moni maso ali pansi. Ndipo Esinta mpaka lero akagwira sopo kuti asambitse mwana, amaima kaye, sopoyo ali m'manja.

Dzana lomweli, akumupukuta, Lemani anayang'ana pachipsera paja, kenako anayang'ana mayi ake.

“Amayi, anandipweteka apa ndani? Ndi chifukwa chake adadi anapita?”

Esinta anamuveka malaya, n'kumuuza kuti adzamuyankha mawa. Mawa lake linali dzulo. Mwana sanaiwale, wafunsanso lero m'mawa.

Ndiye inu amayi anzanga, ndithandizeni, koma motsitsa. Bambo ake anati dikira, koma ndi amene anataya njinga n'kuthamanga naye m'manja. Amalume ake anati dikira, koma anadziika kutsogolo kwa lole. Adokotala anati dikira, n'kunena mawu amodzi osawamasulira, koma mpeni wawo ndi umene unamupulumutsa. Mayi ake ndi amene anakoka, komanso ndi yekhayo anasaina ena onse atatembenuka. Mwana akudikira yankho, ndipo dzina limene alimve adzakula nalo mumtima. Esinta amutchule ndani?