Mpeni wa Che Twaibu

Alhaji Sumani, mwini butchala yaikulu pa Ntaja, anafika pamzikiti itangotha swala, pemphero la masana. Iwo anatsikira kutsogolo kwa galimoto. Kumbuyo, kumene amakweza mbuzi, kunatsika Che Twaibu, amene anakhala akuwazingira nyama zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinalipo chifukwa ndinadzatsatsa tonde kwa Shehe Jafali Makwinja. Ndagulitsa mbuzi moyo wanga wonse, koma munthu wokumvetsera mpaka bodza likuthere lokha mkamwa ndinamuona mmodzi yekha, Sheheyo.

Shehe anali chogwada, akumanga ndi mphira mpopi wosambira umene unkadontha. Atabweza salamu, anapukutira manja pa mkanjo nawalozera alendo mkeka.

"Shehe," anayamba Alhaji, "ndabwera ndi mnyamata wangayu." Mnyamatayo n'kuti ndevu zili mbuu ndi imvi. "Akuti akufuna kusiya ntchito. Ana asanu, mkazi wodwaladwala, iye n'kumati mtima sukumulola. Kodi mtima umagula ufa? Mlangizeni."

"Che Twaibu, chavuta n'chiyani?" anafunsa Shehe.

Che Twaibu anayankha maso ali pansi. "Lole ikamachokera kumisika yakutali, mbuzi amazithinitsa. Ziwiri kapena zitatu zimafika zitafa. Kale tinkazikwirira. Chiyambire chaka chino akumazisenda kuseri, n'kuzipachika pamodzi ndi zimene ndazinga ine."

"Mfunseni ngati ndinamuuzapo kuti agwire yakufa," anadula Alhaji. "Mpeni wake sunakhudzepo haramu, nyama yoletsedwayo. Ngati tchimo lilipo ndi langa, ndipo ine ndi Mulungu timadziwana. Ku Maka ndinapitako kawiri."

Anamutchula Mulunguyo ngati mnzawo wogula naye mbuzi.

Shehe anangotembenukira kwa Che Twaibu. "Mukamaliza kuzinga m'mawa, tsiku lonselo mumachita chiyani?"

"Ndimakhala pakhomo la butchala. Bwana amati ndizinolera mpeni pamenepo, nditavala kofiya kumutu."

"Ogula amakufunsani ngati nyamayo ndi halali, yozingidwa mwalamulo?"

"Safunsa, Shehe. Amangondipatsa salamu n'kulowa."

Shehe anatembenukira kwa Alhaji, mpopi uja uli dontho, dontho. Kenaka anati: "Alhaji, nanga bwanji titere? Ntchito asasiye. Azizinga zamoyozo kuseri, akamaliza azipita kwawo. Pakhomo muikepo wina."

"Aaa, ayi!" anatero Alhaji. "Wozinga kuseri ndingathe kutola aliyense. Iyeyu ndimamufuna pakhomo, poti anthu akamuona..."

Anaimira pomwepo, koma mawu anali atatuluka kale. Kumsika timati munthu watchula yekha mtengo wake womaliza. Ndinayang'ana tonde wanga kuti ndisaseke.

"Mwamva, Che Twaibu?" anatero Shehe modekha. "Mwakhala mukusamala mpeni, pamene mpeniwo sindiwo akugula. Akugula nkhope yanu. Mayi wa ku Nsanama akalowa osafunsa, wafunsa kale inuyo ndi maso, ndipo kofiya yanu yamuyankha."

Alhaji anadzutsa mutu nayang'ana denga la mzikiti, pang'onopang'ono, kuti tonse tione kumene akuyang'ana. "Shehe, ndi ulemu wonse, malata awa mukukumbukira amene anagula?"

"Ndikukumbukira, ndipo Mulungu akulipireni. Ngati mukuwafuna, makwerero ali kuseri, hamala ndikubwerekani. Tinaswali pansi pa mtengo wa mango uwo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinamvepo kuti pemphero la munthu linanyowa ndi mvula."

Apo Che Twaibu anaweramuka. "Ndisiya, Shehe. Koma ndichoka mwakachetechete. Ndizinena kuti ndikudwala msana. Bwanawa anandigwira dzanja pamaliro a mayi anga, sindikufuna kuwachititsa manyazi."

"Eya, zimenezo ndiye nzeru," anatero Alhaji msangamsanga. "Apite mwaulemu. Ndimuwonjezeranso kangachepe ka panjira."

Munthu amene wabwera kudzakaniza wantchito kuchoka akavomera mwachangu chotero, dziwani kuti wapeza malonda abwino kuposa amene anadzera.

Shehe anaimirira. Anali wamfupi, koma tsiku limenelo Alhaji anachita kuwayang'ana chokweza maso.

"Che Twaibu, sindikunamizani. Miyezi ikubwerayi ikhala yowawa, ndipo ana asanu sadya malangizo a shehe. Ndili ndi thumba limodzi la chimanga, tigawana. Zamawa adziwa ndi Mwini riziki, Mulungu wotidyetsa tonse. Za maliro muwathokoze Alhaji mpaka tsiku lanu lomwalira, koma musawathokoze ndi mimba za anthu. Mukachoka mobisa, ogula azidzati Che Twaibu angotulukako pang'ono. Inu mudzakhala kunyumba ndi njala, dzina lanu lili pakhomo paja likunolabe mpeni, likugulitsa nyama yofa yokha. Mawa ndi tsiku la msika. Mupite dzuwa lili paliwombo, mutenge mpeni wanu ndi mwala wonolera, mudutse nazo pakati pa anthu. Musatukwane munthu, musakuwe. Wokufunsani yekha mumuyankhe zoona. Anthuwo munawalowetsa ndi nkhope yanu. Akuoneni ndi nkhope yomweyo mukutuluka."