Mbuzi Inakwera Boti, Mwini Wake Anatsala

Bambo Basilio a ku Cobue, tsidya lino la nyanja moyang'anana ndi Likoma, anali munthu wa zinthu ziwiriziwiri. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, n'kubwerera kwawo ali ndi chikhulupiriro chakuti wodalira chinthu chimodzi ndi chitsiru. Pafoni anali ndi laini ya kuno ndi ya ku Malawi, imene imagwira kuchokera ku Likoma. Ina ikakhala m'foni, inzake inkagona m'thumba la malaya.

Mwana wawo Ercília ndiye ankayendetsa webusaiti ya bungwe la eni maboti. Kale, malo a munthu m'boti ankasungitsidwa patsamba lake, katundu patsamba lina, lililonse ndi mawu ake achinsinsi. Ercília anaphatikiza zonse: munthu mmodzi, konta (ndiye akaunti) imodzi, ukalowa kamodzi waona zako zonse. Asodzi anakondwa. Amene anakana anali bambo ake omubala, eni makonta awiri, iliyonse ndi laini yake.

"Atate, bweretsani foni ndiphatikize. Senya, mawu achinsinsi aja, ikhala imodzi basi, simuvutikanso."

"Iwe mwana, nyumba ya khomo limodzi ikapsa umatulukira kuti? Zanga zisiye."

Ercília anaseka, n'kuwasiya. Ankawakonda bambo akewo ndi liuma lawo lomwelo.

Tsono kunabwera ukwati wa Lidiya ku Likoma. Lidiya anali mwana wa malemu mlongo wawo, ndipo a Basilio ndiwo anali nkhoswe. Mlongoyo asanatsikire kuli chete anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Tsiku lakelo mudzayime pambuyo pake ndinu." Mawu amenewa sankawaiwala.

Malo awo m'boti anasungitsa ndi konta ya laini ya ku Malawi. Netiweki itathawa, anasintha laini, n'kulembetsa mbuzi ya phwando ndi konta inayo. Ulendo utayandikira, uthenga wakuti atsimikize malo awo unapita ku laini yogona m'thumba ija. Iwo analowa ndi konta ya mbuzi, anaona zonse zili bwino, n'kupita kukasita suti akuimba mluzu.

M'mawa wa ukwati, woyendetsa boti anayang'ana pafoni pake n'kukanda mutu.

"Madala, mbuziyi ndikuiona. Koma inu simunakonfirimare, malo anu anatenga ena. Boti ladzaza, apolisi a panyanja salola."

"Ndiye mbuzi ikwere, ine nditsale?"

"Mbuzi ili m'dongosolo, madala."

A Basilio anayimbira Ercília, amene anali atatsogola kale ku Likoma kukathandiza kuphika. Mwanayo anamva chisoni, koma sakanatsitsa munthu wosalakwa. Boti linanyamuka, mbuzi ikuwayang'ana mbuyake ili phee.

Mtima unawapweteka zedi. Anapempha asodzi ena kuti awawolotse pa kabwato ka injini. Mwera unali utadzuka, ndipo mafunde sanasamale kuti suti ndi yositidwa. Anafika kutchalitchi madzi akuchucha, nsapato zikulira, anthu akutuluka kale ndi nthungululu. Pambuyo pa Lidiya panali patayima munthu wina wongopemphedwa pakhomo.

Wakuchimuna wina anati, "Osadandaula ankhoswe, nthumwi yanu inafika bwino. Ili m'poto."

Anthu anafa nalo phwete, koma a Basilio misozi inali italengeza m'maso. Lidiya anasiya dzanja la mwamuna wake, n'kuthamanga kudzawakumbatira, osalabadira kuti diresi loyera likunyowa.

"Amalume, ndimangocheukira kukhomo. Ndimadziwa kuti mubwera."

"Ndabwera, mama, koma amayi ako ndawanamiza."

Masana, atavala malaya obwereka a manja aafupi, anamuitana Ercília. Anatulutsa foni, kenaka kalaini kaja, n'kuziika zonse m'manja mwake.

"Phatikiza, mwanawe."

"Nanga nyumba ikapsa, atate?"

Anayang'ana suti yawo ikudontha pachingwe, n'kupukusa mutu. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.